Khobidi Lobooka

"Chulu chimenecho simuchikumba, bambo a Promise. Kaya mukwiye, kaya mubwerere kwanu ku Mkhumba, koma khasu pamenepo silifika."

Amuna anga a Eneya anaika pansi chikombole chimene anali atangobwereka kumene, n'kundiyang'ana ngati ndawatukwanira makolo.

"Ndiye njerwa tiumbira chiyani, mayi a Promise? Mchenga? Munda wonsewu madzi a Freddy anausiya miyala yokhayokha. Dothi logwira latsala pachulu pokha. Kapena mukufuna mvula ya chaka chino itipezenso m'khitchini muno, titapanikizana ngati nkhuku?"

"Ikatipeza itipeze."

"Amayi, mwamumva mwana wanuyu?"

Amayi anali pakhonde akusenda nandolo, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. M'mudzi muno anthu amawaitanabe kuti amake Noah, ngakhale Noahyo, mlongo wanga, anamwalira ine ndisanamere mabere.

"Kumbani, bambo," anatero. "Munda ndi wanga. Pachulupo palibe kanthu."

"Palibe kanthu? Rozaria ndiye wasanduka palibe kanthu?"

Amayi anasiya kusenda nandolo. "Dzina limenelo pakhomo panga pano ayi, Eveles. Ndinakuuza uli mwana."

"Pano ndine mayi wa mwana. Ndilitchula."

A Eneya anayamba kuponya maso uku ndi uku. Amuna angawa ndi munthu wabwino, koma ine ndi amayi tikayambana amasowa poika manja.

"Komatu ine ndakhalitsa pamudzi pano," anatero motsitsa mawu. "Manda ndikuwadziwa, ali kutsidya kwa mtsinje, ndakumbako nawo kangapo. Pachulu paja palibe mtumbira, palibe mtanda. Munthu angaikidwe bwanji m'munda ngati galu?"

"Afunseni apongozi anuwo."

Amayi ananyamula mbale yawo n'kuzungulira kuseri kwa khitchini. Nandolo wina anatayika panjira koma sanawerame kuti atole.

Mawa lake dzuwa litapendeka ndinawatenga a Eneya kupita nawo kumapeto kwa munda. Chulucho n'chachikulu, chofiira, ndipo kumbuyo kwake phiri la Michesi limaonekera lonse ndi mabala ake pamene nthaka inagumuka. Ndili mtsikana ndinadzalapo kamtengo ka nkhadze kuti ndisaiwale malo, koma madzi aja anapita nako.

"Chaka chimene sukulu inakhala yaulere mukuchikumbuka?" ndinawafunsa.

"Ndingachiiwale? Mphunzitsi mmodzi, ana ngati nyerere."

"Kuno n'chimodzimodzi. Sukulu yathu inali apo pali miyala apo, pansi pa mitengo ya mango. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itatha, malole akututa othawa nkhondo kubwerera kwawo, koma ena anali adakalipo m'tizisakasa kumapeto kuno. Rozaria ankakhala mmenemo ndi amayi ake. Bambo ake anatsalira ku nkhondoko. M'kalasi ine ndi iye tinkakhalira mwala umodzi. Aphunzitsi akaitana dzina lake, iye m'malo moti pulezenti ankayankha m'Chilomwe, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Chilomwe chomwecho tikafika kunyumba ndicho agogo athu ankatikalipira nacho."

"Ana ndi ana," anatero a Eneya.

"Dikirani mumve za akuluakulu. Belu tinalibe. Amalume a Kaliati, mlongo wawo wa amayi, ankachita malonda a zitsulo zakale, ankaoloka malire panjinga. Tsiku lina anabwera ndi chitsulo chadzimbiri, kutalika ngati mkono wangawu, chonenepa pakati, chosongoka kumutu. Ndinachiona ndi maso anga atachimanga ndi mphira pa kaliyala. Anachipereka kusukulu, makolo n'kuwaombera m'manja. Anachipachika pamango. Chinkalira bwino, bambo a Promise. Otola nkhuni kuphiri ankachimva."

A Eneya anakhala pamwala. Ndinaona kuti ayamba kuzindikira kumene nkhani ikupita.

"Rozaria atangochiona anadzikodzera. Anati chimenecho n'cha nkhondo. Tinamuseka, ndipo aphunzitsi anamuuza kuti nkhondo anaisiya kwawo, kuno ndi ku Malawi. Kuyambira pamenepo belu likalira iye ankatseka makutu n'kunjuta pansi. Kuimba belu tinkasinthana. Litayandikira tsiku lake, aphunzitsi anati akakana asadzabwerenso kusukulu, chifukwa sangamaphunzitse mwana wamantha ngati mbewa."

"Ndiye anaimba?"

"M'mawa umenewo tinamupeza panjira akulira, ine, Noah ndi mnzake Madalo. Noah anali wamkulu kwa ine, koma tinali kalasi imodzi chifukwa matenda akugwa anamuchedwetsa. Chifukwa cha matenda omwewo amayi anamumangirira m'khosi khobidi lakale lija lobooka pakati, la nthawi ya atsamunda. Ankalibisa m'kati mwa malaya kuti a mpingo asalione. Noah analivula n'kumuveka Rozaria. Anati, 'Vala ili, sililola choipa kukufika. Ine ndi Madalo tikuperekeza.' Kenako anandiloza chala, akuti iwe usakanene kwa amayi."

"Inu munali kuti nanga?"

"Ndinatsalira pamtsinje kukwecha miyendo, poti aphunzitsi ankakwapula obwera ndi miyendo yotuwa. Ndinamva belu likulira. Linaliranso. Kenako kunamveka china chimene sichinali kulira kwa belu."

Mpaka lero belu la kutchalitchi likalira sindimatha kulipirira, n'chifukwa chake ndimafika mapemphero atayamba kale. Azimayi a mvano amati ndine waulesi, ndipo ndimangowasiya anene.

"Azibambo anatola zimene anatola n'kukulunga m'mphasa zitatu," ndinapitiriza. "Azimayi sanaloledwe kuona nkhope. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itatembenuka kale, akuti bomba labwera ndi obwera. Amalume ndiwo ankakuwa kuposa aliyense. Noah ndi Madalo anakaikidwa kutsidya, ndi nyimbo, ndi ulaliki. Za Rozaria anati manda athu salandira mlendo wobweretsa imfa. Anakumba pano mothamanga, popanda ngakhale pemphero. Amayi ake anagona pamwamba pa dothilo akukuwa, 'Mwanaka! Mwanaka!' mpaka mawu anawathera. Mukudziwa inu, mwana wanga, mwana wanga. Kutacha anthu anawaotchera chisakasa, iwo n'kukwera lole. Sitinamvenso za iwo."

"Inu simunanene zimene munaona?"

"Ndinanena kuti chitsulo chinabwera panjinga ya amalume. Mbama imene amayi anandipatsa khutu ili limaikumbukabe. Za khobidi sindinanene, poti Noah anandiletsa."

A Eneya anavula chipewa n'kuchipinda m'manja. Anayang'ana chulucho nthawi yaitali.

"Ali mbali iti?"

"Iyi yoyang'ana kuphiri."

"Ndiye tikanakumba mbali inayo, mayi a Promise. Sitimukhudza."

"Ayi."

Sanalimbikire. Anavala chipewa chawo, tinabwerera kunyumba.

Kunena zoona, anayesetsa. Anakatapa dothi m'mphepete mwa mtsinje, njerwa zake zinang'ambika zisanaume. Anakapempha chulu cha kwa aneba, anauzidwa kuti eni ake nawonso nyumba inawagwera. Masabata anapita, kutentha kunakula, ndipo masana mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa Michesi. Pepala la pulasitiki limene tinafolera khitchini linali litang'ambika pakati. Mwana wathu Promise, amene chifuwa chinamugwira kuyambira nthawi ya madzi ija, anayambiranso kutsokomola.

Tsiku lina amayi anandipeza ndikutsuka mbale, n'kuima patsogolo panga atagwira m'chiuno.

"Ukufuna mdzukulu wanga afe ndi chifuwa chifukwa cha mafupa a obwera?"

"Obwera? Nanga agogo anu anatuluka m'phiri ili? Suja munkatiuza kuti anabwera wapansi kuchokera kuseri kwa Mulanje, atasenza mphika pamutu, akuthawa Apwitikizi?"

"Ife tinabwera kale."

"Kubwera kale ndiye kubadwira?"

"Ife sitinabwere ndi mabomba."

"Bomba linabwera panjinga ya amalume, amayi. Mudzi wonse unawaombera m'manja. Inunso munalipo, munalulutira."

Ndinadikira mbama, koma siinabwere. Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira bondo lawo lovuta lija.

"Mlongo wanga anagona, musiye agone. Iwe unabereka, Eveles, koma sunaikepo mwana m'manda, ndiye pakamwa pako m'popepuka. Bambo ako anali atatisiya. Mchere, sopo, yunifolomu imene unkavala, zonse zinkachokera panjinga yomweyo. Ukanati ndide ndani?"

"Ndiye mukudziwa."

"Sindikudziwa kanthu ine. Chimene ndikudziwa n'choti mwana wanga ali kutsidya. Ndimamusesera, ndimamuzulira udzu, ndipo tsiku langa likadzafika mudzandigoneka pambali pake. Za ena sizindikhudza."

Mkati mwa khitchini Promise anatsokomola, chifuwa chouma chosafuna kutha. Amayi anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana mbale. Mtima unandiwawa chifukwa ndinadziwa kuti ndagonja. Madzulo omwewo ndinawauza a Eneya kuti akumbe, koma mbali ya kumunsi yokha, ndipo ndinapita ndekha kukalemba mzere ndi khasu kuti asaudumphe.

Anayamba ndi mnzawo a Steve, amene anapangana kuti akamaliza zathu akaumba za kwa iwo. Ine ndinkatunga madzi opondera dothi. Dothilo linali labwino, sindinama. Njerwa zinkatuluka m'chikombole zosalala, zofiira, ndipo posakhalitsa zinadzaza bwalo. Amayi anayamba kubwera kumunda ndi mkeka wawo kudzaonerera, akuuza Promise pamene padzakhale chipinda chake. Mzere wanga palibe anaudumpha.

Chimene sindinaganize n'choti chulu chimakula. Chiswe chinali chikumanga zaka zonsezi, ndipo pamene ndili mwana ndinkati m'mbali mwa chulu panali patasuntha kalekale.

Linali Lachisanu, chakumasana. Ndinali ndikutula ndowa pamene ndinamva khasu la a Steve likugunda kanthu, osati mwala, kenako iwo n'kulitaya n'kubwerera chambuyo.

"A Eneya, tabwerani muone izi."

Ndinafika ndisanaitanidwe. Munali m'munsi mwenimweni mwa dzenje, mbali imene ndinaloleza ndekha. Sizinali zambiri. Timafupa tofiira ngati dothi lomwelo, tina titafumbwa, ndi kachigaza kakang'ono kophwanyika mbali imodzi. Zaka zonsezi ndinkamukumbuka Rozaria ngati mnzanga wamsinkhu wanga, ngati tinkakulira limodzi. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti anali mwana, wamng'ono kuposa Promise. Ndinagwada n'kuyamba kulira.

A Eneya analowa m'dzenjemo n'kumachotsa dothi ndi manja. Atanyamula kafupa kena, kanthu kanagwa n'kugubuduka mpaka pamapazi a amayi, amene anali atafika akutsimphina. Anawerama, anakatola, n'kukapukuta ndi nsonga ya chitenje. Kanali kobiriwira ndi dzimbiri, koma bowo lapakati linkaoneka bwinobwino.

Amayi anaima chilili. Anakatembenuza, n'kukatembenuzanso, kenako n'kulowetsa kaudzu pabowopo ngati akufuna kutsimikiza.

"Ili ndinamumangirira Noah ndi manja angawa," anatero. "Linali la amayi anga. Taonani apa, linapindika pamene analiluma tsiku lina atagwa. Likutani muno?"

A Steve anayang'ana kumbali.

"Mphasa zija," amayi anapitiriza ngati akuyankhula okha. "Ndinawapempha kuti ndione nkhope, anandikaniza. Anati palibe choona. Ndiye anadziwa bwanji kuti uyu ndi uyu? Anadziwa bwanji, poti ankathamanga?" Anatembenuka n'kundigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zinandilowa. "Eveles, iwe unatuluka naye m'mawa uja. Usandinamize. Anavala?"

Ndinayang'ana timafupa tija. Ndikanati ndinene zonse, ndikudziwa chimene chikanachitika. Amayi akanapuma mpweya waukulu, akanatenga khobidi lawo, n'kuwauza a Eneya kuti akwirire msanga anthu asanaone. Rozaria akanatsala pomwepo, m'mphepete mwa dzenje la njerwa, mpaka mvula idzamukokolole. Ndinakweza maso n'kukumana ndi a amuna anga. Iwo okha ndiwo ankadziwa mmene khobidilo linafikira m'khosi mwa Rozaria, chifukwa ndinawauza ndekha pamalo omwewo.

"Anavala, amayi," ndinatero. "Potuluka pakhomo anavala."

A Eneya anatsegula pakamwa, kenako anatseka. Anawerama n'kuyamba kuvula malaya awo kuti aphimbire mafupawo.

Amayi anagwa m'dzenjemo chafufumimba. Sindinawaonepo akulira chotero, ngakhale pamaliro a Noah penipenipo. Anakumbatira dothi, malaya, mafupa, zonse pamodzi, ndipo mawu amene anatuluka sanali a Chichewa.

"Mwanaka! Mwanaka! Ndinakutaya kutchire ndekha! Dzuwa lonseli, mvula yonseyi, ine ndikulima pambali pako!"

Anali mawu omwe aja, pamalo omwe aja, ndipo kwa kanthawi sindinadziwe ngati amene akulirayo ndi amayi anga kapena mayi uja anakwera lole. Anthu a m'minda yoyandikana anasiya makasu n'kuthamangira kwathu. Achikulire ena atangoona pamene pakumbidwa anaima patali, osafunsa kanthu.

Akuluakulu a m'mudzi atamaliza kukambirana nkhaniyo, adzukulu anakumba manda kutsidya, pambali penipeni pa mtumbira umene amayi ankasesa. A Eneya anazula chitseko cha nyumba yathu yakugwa ija n'kukhoma kabokosi. Njerwa zonse anaziphwanya n'kubwezera dothi m'dzenje, ndipo palibe anawafunsa kuti nanga mvula. Khitchini tinangoifolera udzu watsopano. Pamaliropo panali nyimbo, panali ulaliki, azimayi a mvano anavala zoyera. Anthu amene anatola mphasa zija ambiri anamwalira, koma otsalawo anabwera, ndipo anaimba ataweramitsa mitu.

Anthu atabalalika, amayi anatsalira. Anakhala pakati pa mitumbira iwiriyo, watsopano ndi wakale, akusisita wakalewo ndi chikhatho.

"Ndiye amene ndakhala ndikumusesera zaka zonsezi ndi mwana uja," anatero.

Kenako anapitiriza.

"Ndinkamuuza zonse. Za ukwati wako, za kubadwa kwa Promise, za bondo langali. Ankangomvetsera, mwana wa eni." Anapukuta m'maso. "Amayi ake kaya ali moyo. Unati dzina lake ndani?"

Ankalidziwa. Ndinaona kuti akufuna kuti lituluke kaye pakamwa pa wina.

"Rozaria."

"Rozaria," anabwereza pang'onopang'ono, ngati akulawa mankhwala owawa. "Uwauze bambo a Promise azule mtanda wa Noah auike apa patsopanopa. Apo akhome wina, alembe dzina limenelo. Munthu sagona wopanda dzina."

"Amayi, mtandawo ukanangokhala pomwepo. Wa Rozaria tikanauika..."

"Ndalakwitsa kamodzi, Eveles. Ukufuna ndilakwitsenso?"

Ndinameza mawu anga. Umenewo ndiwo unali mtengo wake, ndipo ndinaulipira ndi dzina la mlongo wanga. A Eneya anachita monga anauzidwa, ndipo pokhoma mtandawo sanandiyang'ane.

Khobidi lija amayi analimangirira m'khosi mwa Promise, pachingwe chatsopano chakuda. Ndikaliona likulendewera pamene akuwerama kutsuka mbale, ndimayang'ana kumbali, koma sindinamuvule.

Masiku ano bondo la amayi silowalolanso kuoloka mtsinje, choncho kumanda ndimapita ndine. Noah akugona pansi pa dzina la Rozaria, Rozaria pansi pa dzina la Noah. Ndimasesa ponse pawiri, ndimazula udzu, ndipo nthawi zina kusukulu yatsopano belu limalira ndili komweko, ine n'kukhala pansi mpaka lisiye kulira. Amayi amandituma kuti ndikafika ndiziwapatsa moni powatchula maina, aliyense pamtanda wake. Ndimavomera, koma ndikafika sinditchula dzina lililonse mokweza. Ndimaopa kuti angayankhe kuchokera mbali inayo.